Firiji ikasiya kuziziritsa, musathamangire kugula gasi

Aliyense wochita geni ku Mangochi akudziwa kuti kuyambira September mpaka mvula yoyamba, ndalama imatsata chozizira. Kaya ndi pa boma, pa Makawa, ku Monkey Bay kapena ku Namwera, kasitomala safunsa kaye mtengo. Amagwira botolo, akamva kuti ndi lofunda amalibweza n'kulowa mu okala ya mnzanu. M'miyezi ya October ndi November, kutentha kwa m'mbali mwa nyanja kuno kumatha kupitirira madigiri 35 masana, ndipo ndi nthawi yomweyi mafiriji ambiri amafooka.

Kwa wogulitsa zakumwa, thobwa ndi madzi ozizira, firiji ikafooka ndiye kuti malonda a tsikulo apita. Kwa wosunga chambo, kampango kapena nkhuku, vuto ndi lalikulu chifukwa mpamba wonse ukhoza kuwola usiku umodzi. Mantha amenewa ndi amene amachititsa ambiri kuvomera msanga akauzidwa kuti "gasi watha", n'kutulutsa ndalama. Pakapita sabata ziwiri, firiji ija yafundanso.

Gasi satha ngati mayunitsi

Ntchito ya firiji ndi kutenga kutentha kwa m'kati n'kukakutaya kunja. Chonyamula kutenthako ndi gasi, amene amazungulira m'timapaipi mokankhidwa ndi kompulesa, chija chakuda chimalira pansi chakumbuyo. Gasiyu akamadutsa m'kati amatola kutentha kwa katundu wanu, akafika kunja amakutaya kudzera m'timapaipi takumbuyo kapena m'zipupa za m'mbali mwa firijiyo.

Njira yonseyi ndi yotseka, choncho gasi satha ngati mayunitsi a magetsi kapena mafuta a njinga yamoto. Akachepa ndiye kuti pena pabooka. Ndipo nthawi zambiri firiji imafooka gasi ali bwinobwino, vuto lili pa magetsi, fumbi, chitseko kapena kapakiridwe. Zonsezi mutha kuziona nokha osalipira tambala. Yambani ndi zaulere, zodula zibwere pomalizira.

Yambani ndi magetsi

Onani ngati pulagi yalowa bwino m'soketi, ndipo igwireni. Ikakhala yotentha kapena yakuda ngati yapsa, vuto layambira pomwepo. Ambiri m'misika amakoka magetsi ndi chingwe chachitali chopyapyala, pomwe alumikizaponso wailesi, fani ndi matchaja a mafoni. Chingwe chotere chimafooketsa mphamvu yofika ku kompulesa. Firiji imafuna soketi yakeyake.

Babu ikamawala mofooka, dziwani kuti magetsi abwera ochepa mphamvu. Kompulesa imang'ung'udza kufuna kudzuka koma osatheka, ndipo ikalimbana choncho nthawi yaitali imapsa. Zulani pulagi mpaka magetsi akhazikike. Magetsi akazima n'kuyakanso, dikirani mphindi zisanu musanayatse firiji. Kachipangizo kotchedwa fridge guard kamagwira ntchito yodikirayi pakokha ngakhale inu mulibe, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompulesa yatsopano.

Ogwiritsa ntchito jenereta kapena sola akumbukire kuti kompulesa podzuka imakoka mphamvu yoposa kangapo imene imagwiritsa ntchito ikamayenda. Jenereta yaing'ono imatha kuyatsa mababu bwinobwino koma n'kulephera kudzutsa firiji.

Ipatseni popumira

Ngati kutentha kukusowa kotulukira, m'kati simungazizire. Okala ya malata yopanda zenera imakhala ngati uvuni masana, ndiye firiji ikakanikizidwa kukhoma, m'mbali mwake mutaunjikidwa makatoni ndi makireti, imagwira ntchito osapuma koma osaphula kanthu. Isuntheni kuti pakhale mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kumbuyo ndi m'mbali. Ichotseni padzuwa ndiponso kufupi ndi mbaula kapena chiwaya.

Kenako zulani pulagi ndipo pukutani fumbi ndi ulusi wa akangaude pa timapaipi takumbuyo ndi burashi yofewa kapena nsalu youma. Fumbi la m'chilimwe limakuta timapaipi ngati bulangete. Mafiriji ambiri otsekulira pamwamba alibe timapaipi toonekera, amatayira kutentha m'zipupa. N'chifukwa chake m'mbali mwake mumafunda, ndipo si vuto. Cholakwika ndi kuifunditsa chitenje kapena chiguduli poganiza kuti mukusunga kuzizira.

Labala wa pachitseko

Tengani pepala, kapena ndalama yapepala, muitsekere pachitseko n'kuikoka. Ikatuluka mosavuta ndiye kuti labala sakugwira, ndipo mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku. Yesani mbali zonse zinayi. Nthawi zina ndi zakumwa za shuga zomwe zidatayikira n'kuuma, ndiye madzi ofunda ndi sopo amathetsa vutolo. Labala akang'ambika, amagulidwa payekha n'kusinthidwa.

Onaninso kopotokolera kaja kokhala ndi manambala. Ana amatha kukaseweretsa, kapena kamapotoka posuntha katundu. Pa mafiriji ambiri, nambala yaikulu ndiyo yoziziritsa kwambiri.

Ayisi wochuluka ndi mdani

Ena amasangalala akaona ayisi atakuta zipupa, amati firiji ndi yamphamvu. Zoona zake n'zakuti ayisi akakhuthala kuposa theka la sentimita amatchinga, katundu sazizira bwino ndipo mayunitsi amatha msanga. Tulutsani katundu, zimitsani, siyani chitseko chotsekula kuti asungunuke. Mukafuna kufulumira, ikani beseni la madzi ofunda m'kati.

Musagobe ayisi ndi mpeni kapena sukuludiraiva. Timapaipi ta gasi tili kuseri kwa chipupa chopyapyalacho, ndipo kubaya kamodzi kokha ndi kokwanira kupha firiji. Mafiriji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a, amene amayaka akakumana ndi moto. Mukaboola mwangozi, zimitsani magetsi, tsekulani zitseko ndi mazenera, ndipo pasapezeke wosuta fodya kapena mbaula pafupi.

Kapakiridwe

Thobwa lotentha lochokera pamoto, kapena makireti amene akhala padzuwa pa lole, akalowa onse nthawi imodzi firiji imatenga maola ambiri kuti ibwerere mwakale. Ziziritsani thobwa kaye pamthunzi. Pakirani madzulo mukamaweruka kuti katundu azizire usiku wonse, ndipo masana muzingowonjezera pang'onopang'ono. Ikani zoyenda malonda pamwamba kuti chitseko chisamakhale chotsekula mukufufuza pansi.

Mverani kompulesa

Zonsezi zikalephera, ikani khutu kumbuyo. Ngati mukumva kung'ung'udza kwa masekondi ochepa kenako "tha!", bata, ndipo pakapita mphindi zingapo zomwezo zikubwereza, kompulesa ikulephera kudzuka. Magetsi akakhala ali bwino, kawirikawiri chafa ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa relay, kamene kamakhala m'mbali mwa kompulesa. Nkotsika mtengo ndipo mmisiri amakasintha mu mphindi zochepa. Zulani pulagi podikira mmisiriyo.

Ngati kompulesa ikulira osapuma koma m'kati muli mofunda, kapena ayisi akugwira kangodya kamodzi kokha, apa m'pamene tingakayikire gasi. Chizindikiro china ndi mafuta onona polumikizira timapaipi, chifukwa gasi akamatuluka amatulukira limodzi ndi mafuta a kompulesa.

Pokambirana ndi mmisiri

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mmisiri akati gasi watha, mufunseni kuti pabooka pati, ndipo akuonetseni. Wodziwa ntchito amapeza pobooka, amawotcherera, amapopa mpweya ndi chinyontho m'mapaipi, kenako ndiye amathira gasi. Wongothira osatseka pobooka akukugulitsani gasi amene auluke sabata yomweyo.

Pa kompulesa kapena pa kachikwangwani ka kumbuyo pamalembedwa mtundu wa gasi, monga R600a kapena R134a, ndi magalamu ake. Athire mtundu womwewo, chifukwa kusakaniza kumawononga kompulesa. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, pemphani kuti chimene achotsa akusiyireni, ndipo mumvane kuti ikafundanso m'masiku angati adzakonza osalipiritsanso. Ngati ali ndi pepala la maphunziro a ntchitoyi, monga la TEVETA, ndi bwino kwambiri. Firiji ikakhala yatsopano ndipo ili ndi waranti, musalole aliyense kuitsekula, ibwezeni kumene mudagula ndi lisiti lanu.

Mukamainyamula kupita kwa mmisiri, iyende choimirira. Ikagonekedwa, mafuta amalowa m'mapaipi, ndiye iime maola osachepera anayi musanaiyatse.

Pulumutsani katundu kaye

Firiji youmitsa yodzaza bwino imasunga katundu pafupifupi masiku awiri ngati simukuitsekula, ndipo yodzaza theka imasunga tsiku limodzi. Firiji wamba ya zakumwa ndi maola anayi okha. Muzisungiratu mabotolo a madzi oundana pansi, amakugulirani nthawi. Gwirizananinso ndi mnzanu wapafupi kuti tsiku la vuto muzisungirana katundu.

Nsomba imene yayamba kusungunuka koma ikadali yozizira ndi yolimba, igulitseni msanga ngakhale motsitsa mtengo, kapena iwambeni. Imene yafunda, yayamba fungo kapena yafewa moti chala chikusiya dzenje, itayeni. Kuiumitsanso sikuibwezeretsa, ndipo kasitomala akadwala, mbiri imafika pa depoti inu musanatseke okala.

Kwa a malo ogona alendo

Amene muli ndi makina oziziritsira m'chipinda, aja timati eyakoni, m'maresitihausi ndi m'mashopu, nkhani ndi yomweyi. Onani kaye ngati rimoti ili pa Cool, osati pa Fan. Tsekulani chivundikiro cha m'chipinda, solani masefa, muwatsuke ndi madzi n'kuwayanika pamthunzi. Nyengo ya fumbi ino chitani zimenezi sabata ziwiri zilizonse. Chibokosi chapanja chisatchingidwe ndi masamba kapena zovala zoyanika. Mukaona ayisi pa paipi, zimitsani, ndipo masefa akakhala oyera koma ayisi n'kubweranso, itanani mmisiri. Musatsekule mbali ya mawaya nokha, muli kachipangizo kosunga magetsi ngakhale mutazimitsa.

Makina akale ambiri amagwiritsa ntchito gasi wa R22, amene maiko akumuchotsa pang'onopang'ono potsatira pangano la Montreal la 1987, lomwe Malawi ali nawo. Ganizani kawiri musanagule makina otere kwa wina.

Mukamagula ina

Pa kachikwangwani ka firiji pali mawu akuti Climate Class. Chilembo N chikutanthauza kuti idapangidwira malo otentha mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, ndipo T mpaka 43. Firiji ya N ikhoza kuchita bwino ku Dedza kapena ku Mzuzu, koma mu okala ya malata ku Mangochi idzavutika chilimwe chilichonse. Sankhani ya T, kapena ya ST ngati malo anu ndi opita mphepo. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani aiyatse, muikemo botolo la madzi ndipo mubwerenso pakatha maola angapo. Botololo likuuzani zoona kuposa wogulitsa.