Magazi Amodzi Aulula Nthenda Ziwiri

Munthu aliyense wa m'Zambia wofuna kukakhala ku Britain kupitirira miyezi 6 ayenera kuyamba wapimidwa cifuwa cacikulu ca TB. Amjambula m'cifuwa ndi makina a X-ray, ndipo akapezeka ali bwino apatsidwa cikalata coperekera pamodzi ndi pempho la visa. Koma cithunzico sicinena kanthu za ciwindi, m'mene nthenda ina imabisala zaka zambiri.

Nthendayo ndi hepatitis, ndiko kutupa kwa ciwindi kobwera ndi tizirombo. Bungwe la World Health Organization linalengeza kuti m'caka ca 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, ndipo ena 50 miliyoni anali ndi hepatitis C. Amene anafa nazo anali 1.3 miliyoni, cimodzimodzi ndi ophedwa ndi TB caka comweco. Kuno kwathu, kufufuza kwa ZAMPHIA kwa mu 2016 kunapeza hepatitis B mwa akulu pafupifupi 6 pa 100 alionse.

Ambiri amatenga hepatitis B pobadwa kapena paubwana, nakula osamva kupweteka. Pofika nthawi yakuti maso acite cikasu ndi mimba itupe, ciwindi cingakhale citaonongeka kale.

Kuyambira mu 2015 a zaumoyo ku England anayamba kupima magazi a alendo atsopano a zaka 16 kufikira 35, pofuna TB yogona m'thupi. Mu 2018 bungwe la ECDC la ku Ulaya linalangiza kuti alendo ocokera kumaiko kumene hepatitis B ndi C zafala azipimidwanso nthendazi. Nzeru yake njapafupi: munthu wafika kale pacipatala, ndipo magazi otengedwa tsiku limodzi angathe kuyankha mafunso onse awiri.

Palinso cifukwa cina cacikulu. Mankhwala a TB monga isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide amalemetsa ciwindi. Dokotala wodziwa kuti ciwindi ncodwala kale amayang'anira wodwalayo mosamala koposa.

Kupezeka ndi nthendayi si imfa ai. Hepatitis C icira ndi mapiritsi a masabata 8 kufikira 12. Hepatitis B igonjetsedwa mphamvu ndi mankhwala monga tenofovir, ndipo a m'banja angatetezedwe ndi katemera, yemwe ana a m'Zambia anayamba kulandira mu 2005.

Obadwa cisanafike caka cimeneco, a paulendo ndi otsala omwe, acita bwino kufunsa pacipatala kuti magazi awo aonedwe thupi likali lolimba.