Zidole Zimene Ana Saloledwa Kukhudza

Kwathu kuno cidole n'ca mwana. Mnyamata amapinda mawaya napanga galimoto, mtsikana amabereka citsononkho kumsana namaciimbira nyimbo kuti cigone, ndipo onse awiri akatha msinkhu amazisiya zinthuzo pabwalo kuti ang'ono awo atole. Bambo wa ndevu zake atapezeka akupukuta kacidole ndi kansalu koyera, anansi angayambe kunong'onezana. Ena angati mutu wazungulira, ena angati wayamba zamankhwala.

Koma ku America, ku Britain, ku Japan ndi kumaiko ena kuli abambo ndi amai a mabanja, anthu a nchito zolemekezeka, amene amapatula cipinda cathunthu kuti cikhale ca zidole. Zidole zake n'za ngwazi za m'makomiki, mabuku aja a nthano za zithunzi: Superman, Batman, Spider-Man, Wonder Woman ndi anzao ambirimbiri. Ndi tianthu ta pulasitiki totalika ngati dzanja, totha kupinda mikono, mawondo ndi khosi. Bungwe la Circana, limene limawerengera malonda a m'masitolo, linalengeza mu 2024 kuti ku America, m'miyezi yoyamba ya cakaco, ndalama zimene anthu a zaka 18 kapena kuposerapo anadzigulira nazo zoseweretsa zinaposa zimene zinagulira ana a zaka 3 kufikira 5.

Mmene zinayambira

Superman anaoneka koyamba mu 1938, m'buku lochedwa Action Comics. Anamupeka anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anagulitsa umwini wa ngwaziyo pa madola 130 okha. Batman anatsatira mu 1939, Spider-Man mu 1962. Zidole za mtundu umenewu zinadza mu 1964, pamene kampani ya Hasbro inatulutsa msilikali wochedwa G.I. Joe. Eni kampaniyo anaopa kuti anyamata adzakana cinthu cochedwa cidole, poti zidole zinali za atsikana, conco anacipatsa dzina latsopano lakuti action figure, limene lilipobe mpaka lero.

Mu 1972 kampani ya Mego inayamba kugulitsa ngwazi za m'makomiki zotalika masentimita 20, zovala zovala zansalu zotha kuvula. Mu 1984 makampani a Kenner ndi Mattel anatulutsa zao zazing'onopo. Ana anazigula, nasewera nazo m'matope ndi m'bafa, nazithyola mikono. Zotsala amai ao anazitaya posesa nyumba anawo atapita ku koleji. Patapita zaka makumi awiri ana aja anali akulu a malipiro m'thumba, ndipo ambiri anayamba kufunafuna kacidole kaja kamene atate ao anawagulira pa Khrisimasi, mwina atatewo atamwalira kale. Popeza zambiri zinali zitaonongeka, zocepa zimene zinapulumuka zinakwera mtengo.

Amalonda sanacedwe kuona kumene ndalama zinali. Mu 1994 Todd McFarlane, katswiri wojambula makomiki, anayamba kupanga zidole zosemedwa mwaluso, za nkhope zoopsa, zimene mwacionekere sizinali za ana a mkaka. Mu 2002 kampani ya Toy Biz inayamba mtundu wochedwa Marvel Legends, ndipo mu 2005 inachera msampha wocenjera: m'bokosi lililonse inaikamo ciwalo cimodzi ca cimphona cochedwa Galactus, umu mwendo, umu mkono, umu mutu. Wofuna cimphona cathunthu anayenera kugula mabokosi onse, ngakhale a ngwazi zimene sanazikonde. Kampani ya Hot Toys ya ku Hong Kong imapanga zidole za masentimita 30 zofanana kwambiri ndi akatswiri a m'mafilimu, ndipo cimodzi cokha cimaposa madola 200.

Bokosi losatsegula

Cimene catidabwitsa koposa m'nkhani imeneyi ndi bokosi. Osonkhanitsa zidole ali pawiri. Ena amatsegula, naimika zidolezo pa shelefu, nazisinthasintha kaimidwe, ena mpaka kuzipenta mwatsopano ndi kuzijambula zithunzi. Koma ena satsegula konse. Kwa iwo cidole cimene cacoka m'bokosi lake cataya mbali yaikulu ya mtengo wake, ndipo ngodya ya katoni ikapindika pang'ono pabe amadandaula monga mlimi amene mbuzi zamudyera munda. Ku America kuli ngakhale kampani yochedwa Action Figure Authority imene nchito yake ndi kuyesa zidole zotere. Imapenda katoni, pulasitiki yoonekera ndi cidole ca mkatimo, nipereka mamalikisi osapitirira 100, kenaka nitsekera zonsezo m'bokosi lina lolimba. Motero coseweretsa cimakhala m'mabokosi awiri, ndipo palibe dzanja limene lidzacikhudza.

Tisafulumire kuseka. M'nyumba zathu zambiri, ku Matero ngakhale ku Kapata, muli kabati ya magalasi yodzaza mbale ndi makapu okongola amene akhala zaka khumi akuyembekeza mlendo woyenera, pamene banja limwera tiyi m'makapu ocoka mpenti. Mtima wosunga cinthu cokongola kufikira osacigwiritsa nchito tili nao tonse.

Ambiri osatsegulawo amati akusunga cuma ca mtsogolo, ndipo amachula nkhani zonga ya mu April 2024, pamene buku limodzi la Action Comics la mu 1938 linagulidwa pa madola 6 miliyoni. Amaiwala cifukwa cake. Bukulo linali la masenti 10, ana analiwerenga nalitaya, ndipo otsala ndi owerengeka. Cimene aliyense akusunga m'bokosi sicisowa. Phunziro limeneli linaoneka kumapeto kwa 1992, pamene kampani ya DC inatulutsa buku la imfa ya Superman. Anthu anafola pa masitolo, ena nagula mabuku angapo osawatsegula m'mapepala ake akuda, poganiza kuti adzaphunzitsira ana ao. Mabukuwo anasindikizidwa mamiliyoni, Superman anauka patapita miyezi yocepa, ndipo ambiri a mabukuwo sanakwere mtengo konse. Msika wa makomiki unagwa, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo mu December 1996 kampani ya Marvel inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake. Imene inaitola mu 1998 inali Toy Biz, kampani ya zidole ija.

Kodi ndi mafano?

Tidziwa kuti owerenga ena, pomva za cipinda codzaza tianthu tovala zinyau ndi nyanga, afunsa kale ngati kumeneku si kupembedza mafano. Ife Akatolika tiyenera kuyankha mosamala, pakuti nafenso timanenezedwa mlandu womwewo cifukwa ca zithunzi ndi zifanizo za m'machalichi mwathu. Msonkhano waciwiri wa ku Nicaea, m'caka ca 787, unaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa cithunzi umapita kwa iye amene cithunzico cikuimira. Ulemu wotere Batman saulandira. Palibe amene amamugwadira kapena kumupempha mvula, ndipo mwini cidole adziwa bwino kuti ngwaziyo n'njopeka. Pulasitiki youmbidwa m'fakitale ilibe mzimu, woipa kapena wabwino.

Ndiponso makomiki ndi Mpingo si adani monga ena amaganizira. Kampani ya Marvel yomweyo inasindikiza moyo wa Francis Woyera wa ku Assisi mu 1980, ndi wa Papa John Paul II mu 1982, zaka zisanu ndi ziwiri iye asanadzaticezere kuno ku Zambia mu May 1989. Ngwazi zina, monga Daredevil ndi Nightcrawler, m'nthano zao ndi Akatolika opita ku ulapi. Mu October 2024 a ku Vatican anaonetsa kamtsikana kojambulidwa kochedwa Luce monga cizindikiro ca Caka ca Jubili ca 2025. Anakajambula Simone Legno wa ku Italy, katavala jasi lamvula lacikasu, nsapato zamatope, korona m'khosi ndi ndodo ya mwendamnjira m'dzanja, ndipo nakonso kanapangidwa kacidole.

Komabe funso la mafano silithera pamenepo. M'kalata yake kwa Akolose, Paulo Woyera anaika dyera la cuma m'gulu la kupembedza mafano, ndipo dyera silisankha kuti likhale pa ng'ombe, pa nsapato kapena pa zidole. Makampani amatulutsa mitundu yatsopano caka ndi caka, yambiri yolipiriratu isanafike m'sitolo, kotero kuti msonkhanitsi sadzafika tsiku lakuti wamaliza. Apa mafunso ake ndi a panyumba. Kodi mkazi kapena mwamuna wake adziwa mtengo weniweni wa bokosi limene lafika dzulo, kapena lalowa mobisa? Kodi lagulidwa ndi ndalama zotsala, kapena ndi ngongole pamene fizi ya ana ikudikira? Ndipo mwana wa zaka zisanu amene waima pakhomo la cipinda codzaza zoseweretsa, namva atate ake akuti usakhudze, amaphunzirapo ciani za malo ake m'nyumbamo?

Sitikana kuti cizolowezi cimeneci cili ndi zabwino zake. Munthu wogwira nchito yolemetsa afunika popumira, ndipo zidole siziledzeretsa ngati mowa. Ku San Diego okonda makomiki akhala akusonkhana kuyambira mu 1970, ndipo ku South Africa msonkhano wonga umenewo, Comic Con Africa, unayamba mu 2018. Kumeneko anthu amanyazi amapeza mabwenzi, ndipo makolo ambiri amapita ndi ana ao. Pakati pa magulu awiri aja, mtima wathu uli kwa otsegula mabokosi, makamaka amene amagwada pansi pamodzi ndi ana ao, nalola kuti nthawi zina mkono wa Spider-Man uthyoke.

Ngakhale bokosi silisunga cinthu mpaka muyaya. Akuluakulu anati ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika. Pulasitiki yoyera imasanduka yacikasu, yofewa imayamba kumata, timphira ta mkati timaduka, guluu amauma ndipo katoni imasiyana ndi cophimba cake. Mwini akamwalira, amasiye amatsala ndi mabokosi mazanamazana amene sadziwa mtengo wake. Zocepa zimapita kwa ogula odziwa, zambiri zimagulitsidwa mocipa kapena kuperekedwa ku masitolo a zinthu zakale.

Zoseweretsa zakale za kumaiko amenewo zina zimaoloka nyanja monga zimacitira zovala za salaula, nizifika m'misika yathu. Pa Soweto mu Lusaka mungazione zitathiridwa pa saka pansi, zosakanizika ndi timagalimoto topanda mawilo ndi zimbalangondo zaubweya. M'muluwo mumapezeka Batman wopanda cinsalu cake ca kumsana, mphuno itakhuluka, phazi litalumidwa ndi galu wa kutsidya la nyanja. Mai amatsitsa mtengo, namuika m'thumba pamodzi ndi tomato ndi kapenta. Pofika madzulo Batman ali pa mpando wa dalaivala m'galimoto ya mawaya, womangidwa ndi mphira kuti asagwe pa mabampu.