Mkono wogwirira sikirini ya kompyuta

Mkono wogwirira sikirini ndi chipangizo chachitsulo chomwe chimamangiriridwa pa desiki n'kunyamula sikirini ya kompyuta m'malo mwa phazi lomwe sikiriniyo imabwera nalo. Umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi anthu okhala ndi masikirini awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi, monga owerengetsa ndalama, olemba mapulogalamu ndi ofufuza omwe amayerekeza ziwerengero zambiri. Mkonowu umasiya malo pa desiki ndipo umalola kukweza, kutsitsa kapena kutembenuza sikirini.

Mitundu

Mtundu woyamba uli ndi mzati umodzi woima, pomwe pamachoka mikono iwiri. Ndi wotsika mtengo, koma kusintha msinkhu wa sikirini kumafuna kumasula mabawuti. Mtundu wachiwiri uli ndi sipuling'i ya mpweya kapena yachitsulo, moti sikirini imasuntha ndi dzanja limodzi n'kuima pomwe yasiyidwa. Palinso woika sikirini imodzi pamwamba pa inzake, woyenera desiki yopapatiza.

Mabowo a kumbuyo kwa sikirini

M'chaka cha 1997 bungwe la Video Electronics Standards Association, lodziwika kuti VESA, linakhazikitsa muyezo wa mabowo omangirapo sikirini. Masikirini ambiri a pa desiki ali ndi mabowo anayi otalikirana mamilimita 75 kapena 100 mbali zonse, ndipo amalowa mabawuti a M4, kawirikawiri otalika mamilimita 10. Bawuti yotalika kwambiri ikhoza kuononga za m'kati mwa sikirini. Masikirini ena alibe mabowowa, ndipo amafuna chogwirira chapadera. Wogula sikirini yakaunjika ayenera kuyang'ana kumbuyo kwake asanalipire.

Kulemera ndi kukula

Mkono uliwonse umalembedwa makilogalamu omwe ungathe kunyamula. Choyeza ndi kulemera kwa sikirini itachotsedwa phazi. Mkono wa sipuling'i uli ndi malire awiri: sikirini yolemera kwambiri imagwera pansi pang'onopang'ono, pamene yopepuka kwambiri imakwera yokha. Sikirini yopindika imakokera kulemera kutsogolo, choncho imafuna mfundo yolimba. Kukula nakonso n'kofunika: sikirini ya mainchi 24 ndi yotambalala pafupifupi masentimita 54, kotero ziwiri zogundizana zimatenga mita imodzi ndi pang'ono, ndipo mikono yaifupi siingazifole bwino.

Desiki

Kulemera konse kwa masikirini kumathera pa kamalo kakang'ono, ndiye desiki yofooka imagonja mkono usanagonje. Pali njira ziwiri zomangira: kupana m'mphepete mwa desiki ndi chopanira, kapena kulowetsa bawuti yaikulu m'bowo loboola pa thabwa. Njira yoyamba siifuna kuboola desiki, pamene yachiwiri ndi yolimba koposa.

Thabwa lenileni, monga la mlombwa, limapirira chopanira. Thabwa la utuchi wopanikiza limafufuma likamwa chinyezi, kenako limanyenyeka pomwe lapanidwa, ndipo masikirini onse akhoza kugwa nthawi imodzi. Vutoli ndi lalikulu m'madera otentha a kufupi ndi nyanja ya Malawi, monga ku Chitala m'boma la Salima, komwe kuli malo a boma ofufuzirako za ulimi. Kumeneku chinyezi cha m'nyengo ya dzinja chimachititsanso dzimbiri mabawuti osapakidwa utoto. Kachidutswa ka thabwa lolimba kapena ka chitsulo koikidwa pansi ndi pamwamba pa desiki kamamwaza kulemerako. Desiki yagalasi siyenera kupanidwa. Madesiki ambiri opangidwa ndi akalipentala amakhala ndi thabwa lopingasa m'munsi mwa m'mphepete, lomwe limatsekereza chopanira, choncho ndi bwino kuyeza malowo kaye.

Kaikidwe

Akatswiri a zaumoyo wa pa ntchito amalangiza kuti sikirini italikirane ndi maso masentimita 50 mpaka 100, ndipo m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso kapena mutsike pang'ono. Ngati sikirini imodzi ndiyo imagwira ntchito yambiri, imaikidwa kutsogolo kwenikweni, inayo pambali. Ngati zonse zimagwira mofanana, pokumanira pake pamayang'anana ndi mphuno. Kukhala khosi lili chotembenukira mbali imodzi kwa maola ambiri kumabweretsa ululu wa khosi ndi mapewa. Mawaya amasiyidwa olendewera pang'ono pa mfundo za mkono kuti asakokeke sikirini ikamasunthidwa.