Kalata imodzi, malinki ambiri: zoyenera kudziwa wotumiza ndi wolandira

Masiku ano sukulu, mabanki ndi mabungwe ambiri amatumiza makalata a nkhani pa imelo. M'kalata imodzi mumatha kukhala malinki angapo: ina yopita ku webusaiti ya MANEB, ina yotsegula ndandanda ya mayeso, ina ya fomu yolembetsera mwana. Ophunzira amene mumathandiza kukonza makalata otere, komanso inu makolo ndi a komiti ya mzikiti amene mumawalandira, muyenera kudziwa mmene linki imagwirira ntchito.

Linki ili ndi mbali ziwiri. Pali mawu ooneka, monga akuti "Dinani apa", ndipo kuseri kwake kuli adiresi yobisika ya komwe mukupita. Mawuwo ndi adiresiyo zikhoza kusiyana kotheratu.

Kwa wotumiza, vuto loyamba limabwera posunga kalata. Mukaikonza bwinobwino pa Word kapena pa Canva kenako n'kuisunga ngati chithunzi cha JPG kapena PNG, malinki onse amafa, chifukwa chithunzi sichisunga maadiresi obisika aja. Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusunga kalatayo ngati PDF, imene imasunga malinki ndipo imatumizikanso pa WhatsApp. Yachiwiri ndi kuikonzera m'kati mwa imelo momwemo, kapena pa pulogalamu yotumizira anthu ambiri ngati Mailchimp, n'kuika linki iliyonse pa mawu akeake.

Kalata ikhale yopepuka. Gmail imalola kuphatikiza mafayilo mpaka 25 MB, koma kholo la kuno ku Lisasadzi limene lagula bandulo yochepa ya TNM kapena Airtel silingatsegule fayilo yaikulu chotere. Gmail imadulanso uthenga ukapitirira 102 KB, motero malinki a m'munsi amabisika. Ikani linki yofunika kwambiri pamwamba, ndipo musanatumize, dzitumizireni nokha n'kuyesa linki iliyonse pa foni.

Maadiresi a makolo ndi chinthu chosungitsidwa. Potumizira anthu ambiri, alembeni pa BCC osati pa To, kuti wina asaone adiresi ya mnzake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kutumizira anthu mauthenga otsatsa malonda popanda chilolezo chawo, ndipo Data Protection Act ya 2024 inapatsa MACRA udindo woteteza zinsinsi za anthu. Choncho pemphani kaye chilolezo, ndipo wofuna kusiya kulandira apatsidwe njira yosiyira.

Kwa wolandira, tcheru n'chofunika. Akathyali amatha kukopera chizindikiro cha sukulu kapena cha banki, kalata yawo n'kuoneka ngati yeniyeni. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, makolo ambiri amakhala ndi ndalama za fizi m'manja, ndipo linki imodzi yabodza ikhoza kutha thukuta la chaka chonse. Musanadine, dinikizani chala pa linkiyo kwa kanthawi kuti adiresi yake ionekere. Pa kompyuta ingoikani mausi pamwamba pake. Adiresi ya MANEB imakhala ndi mawu akuti maneb.edu.mw. Mukaona kuti chilembo chimodzi chasintha kapena pawonjezedwa mawu achilendo, isiyeni.

Palibe sukulu kapena banki yoona imene ingakufunseni PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba kudzera pa linki. Uthenga ukanena kuti nambala ya akaunti yolipirira fizi yasintha, musatumize ndalama musanafunse ku ofesi ya ahedi. Ophunzira, makolo anu akakupatsani foni kuti muwawerengere kalata, awerengereninso adiresi ya linkiyo musanaidine.