Chitini cha penti chikadali cholemera, koma sichikupopera. Chavuta n'chiyani?

Mwezi wathawu ndinagula chitini cha penti wopopera kuti ndikonze njinga yanga yomwe inayamba kuchita dzimbiri. Ndinapopera mbali imodzi, n'kuchisiya pashelefu. Patatha masiku atatu, kuti ndidine kamutu kake, zii! Penti alimo wambiri, koma osatuluka. Mphunzitsi wa physics wathunthu! Ndinachita manyazi, chifukwa zomwe ndinalakwitsa ndimaziphunzitsa ndekha m'kalasi.

Tiyeni tione kaye zomwe zili m'katimo. Muli penti wosungunulidwa m'madzi ake ouluka msanga, komanso mpweya wokankha pentiyo, kawirikawiri propane ndi butane. Mpweyawu anaupanikiza mpaka unasanduka madzi. Butane amawira pa madigiri pafupifupi 0, propane pa -42, ndiye m'chitinimo wina amasanduka mpweya n'kudzaza malo a pamwamba, n'kumakankha penti yemwe ali pansi. Kuchokera pa vavu pali kapaipi kotsika mpaka pansi pa chitini. Mukadina, vavu imatseguka, penti n'kukwera m'kapaipiko n'kutulukira pakabowo ka kamutu.

Vuto lili pakabowoko. N'kakang'ono zedi, sikafika ngakhale milimita imodzi. Mukasiya kudina, penti pang'ono amatsalira mmenemo. Madzi ake aja amauluka, monga momwe amaulukira panjinga kuti penti aume, ndipo chotsala ndi kachigamba kouma kotseka njira. Pentiyo sadziwa kuti pano m'panjinga, apa m'pakabowo. Amangouma basi.

Mankhwala ake ndi omwe ine ndinaiwala. Mukamaliza kupopera, zondotsani chitini, kamutu kayang'ane pansi, ndipo dinani kwa masekondi angapo mpaka mtundu utasiya kutuluka. Taganizani bwino apa, chifukwa ndi pomwe pali physics yokoma. Chitini chikazondoka, penti amatsikira kumbali ya vavu, koma kukamwa kwa kapaipi kaja tsopano kuli m'mwamba, momwe muli mpweya wokhawokha. Mpweyawo ndi womwe umatuluka, n'kusesa penti yense wotsalira m'njira. Musachite motalika, chifukwa mpweya ukatha, penti wotsalayo sadzakhalanso ndi chomukankha. Zitini zina anazipanga kuti zizipopera ngakhale zitazondoka. Pa zimenezo njirayi sigwira, ingopukutani kamutu ndi kansanza.

Nanga kaphokoso kaja, kwechekweche? Ndi kampira kachitsulo kapena kagalasi. Tinthu topereka mtundu n'tolemera kuposa madzi ake, ndiye chitini chikakhalitsa timadikha pansi ngati matope m'ndowa, pomwe pali kukamwa kwa kapaipi. Mukapopera musanakhutchumule, matope amenewo ndi omwe amayamba kukwera. Khutchumulani kwa mphindi ziwiri kuyambira pomwe kampirako kayamba kulira. Ndikudziwa, mkono umatopa, koma ambirife timalekeza pa masekondi khumi.

Kuzizira nakonso kumavuta. M'mamawa wa mu June, mpweya uja suuluka mokwanira, pressure imatsika, penti amakhuthala, ndipo chitini chimalavula madontho m'malo mopopera. Chiikeni m'madzi ofunda pang'ono, oti dzanja lanu likhoza kukhalamo. Osati pamoto, osati pambaula, osati padzuwa la mu October. Zitini zambiri analembapo kuti zisapitirire madigiri 50, chifukwa kutentha kumakweza pressure mpaka chitini kuphulika, ndipo propane ndi butane sachedwa kuyaka.

Ngati chatsekeka kale, zulani kamutu, kaviikeni mu thinner kwa maola angapo. Chonde, musatokose ndi singano kapena waya kamutu kali pachitini, ndipo vavu musaibaye n'komwe: penti akhoza kuthovokera m'maso mwanu. Pobwezera kamutu, kabowo kayang'ane kumbali, osati kunkhope.

Langa linali la kamutu chabe. Kanagona mu thinner usiku umodzi, m'mawa kanapopera bwinobwino. Njingayo ndinaimaliza Loweruka, panja pomwe pamadutsa mphepo.