Sopo Wapanyumba Afuna Sikelo, Safuna Maso

Amene anali atakula kale m'zaka za m'ma 1980 akumbukira mizere yaitali ya anthu olindirira sopo, shuga ndi mafuta ophikira pa makomo a masitolo ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Mtengo wa mkuwa utatsika mu 1975, ndalama zakunja zogulira zofunika m'mafakitale zinacepa, ndipo sopo anasanduka katundu wobisa. Lero sopo apezeka pa kantemba kalikonse, koma mtengo wake ucititsa amayi ambiri kufunsa ngati sangamupange okha. Angathe ndithu. Koma nchito imeneyi siili monga kuphika nsima, kumene dzanja lozolowera lidziwa lokha ufa wokwanira.

Sopo apangidwa ndi zinthu zitatu cabe: mafuta, madzi ndi soda. Pa sodapo ndi pamene ophunzira ambiri asokera. Soda wothira m'therere sapanga sopo, ngakhale munthu atakase mpaka dzuwa kulowa. Wofunika ndiye kositiki soda, mankhwala oyera ngati mcere, aukali wakuti atentha khungu. Cidulo ca phulusa ndi mbale wake wa sodayu, ndipo cikakhala caukali cipanga sopo wofewa ngati phala. Koma mphamvu yake isiyana malinga ndi phulusalo, motero woyamba kumene acita bwino kucisiyira ndiwo.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a ng'ombe, osungunula ndi kusefa, ifuna magalamu 140 a soda kuti mafuta onse asanduke sopo. Mafuta a nshawa afuna 136, a mpendadzuwa 134. Odziwa nchitoyi acotsapo magalamu 7 pa muyesowo kuti sopo asalume khungu, ndipo madzi akhala mamililita 350. Kusiyana kwake kuoneka kocepa, koma ndiko kugamula mlandu wonse. Soda akacuruka, sopo anyenyeka, awaula manja ndi kudya nsalu. Akacepa, sopo akhala wa mafuta okhaokha, ndipo m'kupita kwa masiku ayamba kununkha. Kapu siithandiza, pakuti soda wina ndi wa timibulu, wina wa mapalepale, ndipo kapu imodzimodziyo ilemera mosiyana. Amene alibe sikelo yaing'ono abwereke kapena asonkherane ndi anzake a m'kalabu.

Palinso nkhani ya thumba. Kugula mafuta abwino ophikira kuti akhale sopo ndi kuluza. Ana adye mafutawo. Phindu lili pa mafuta a ng'ombe ocokera ku bucala, amene apanga sopo wolimba ndi wokhalitsa. Mafuta a mpendadzuwa okha apanga sopo wofewa, ndiye cifukwa cake asakanizidwa ndi a ng'ombe.

Tsiku lopanga, wophunzira agwire nchito panja, atavala magolovesi ndi coteteza maso, ana ndi ziweto zili kutali. Athire soda m'madzi ozizira pang'onopang'ono. Asathire madzi pa soda ai, popeza awira ndi kuthovukira kumaso. Madziwo atentha okha popanda moto, ndipo nthunzi yake siiyenera kupumidwa. Poto wa aluminiyamu asayandikire, cifukwa soda amudya. Cofunika ndi ndowa ya pulasitiki yolimba ndi mthiko umene sudzabwereranso ku nsima.

Madzi a soda akazirala, ndi mafuta osungunula akakhala ofunda cabe, athire madziwo m'mafuta ndi kutakasa osaleka. Apa ndi pamene kuleza mtima kuyesedwa, pakuti ndi mthiko nchitoyi ingatenge ola lathunthu kapena kuposa. Cizindikiro ndi ici: zosakanizazo zilimba ngati phala la mwana, ndipo dontho logwa ku mthiko lisiya mkwasa pamwamba. Pamenepo akhuthulire m'bokosi la matabwa loyalamo pulasitiki ndi kufunditsa saka. Patapita tsiku limodzi kapena awiri adule mipiringidzo, naiyanike pa mthunzi popita mphepo kwa milungu 4 kufikira 6. Wothamangira kucapira sopo wa masiku atatu adzamuona akusungunuka m'beseni.

Ngozi yaikuru siili pa wopangayo koma pa mwana. Soda wouma afanana ndi shuga, ndipo wosungunula afanana ndi madzi akumwa. Mwana akamumwa, kum'mero kupsa, ndipo zipsera zake zingatseke njira ya cakudya kwa moyo wake wonse. Cifukwa cake soda asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena m'kapu, koma m'cotengera cotsekedwa, colembedwa dzina, pamalo okhoma. Akagwera pa khungu kapena m'maso, atsukepo ndi madzi ambiri kwa mphindi 20. Mwana akamumwa, asam'sanzitse, popeza soda atenthanso pobwerera. Am'tengere ku cipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi cotengera cimene munali sodayo.