Chimene Chaluma Tsamba Chamvekanso Kumizu

Alimi ambiri akaona mbozi pa mbewu zawo amawerenga masamba oonongeka okha. Koma pansi pa phazi la mlimi pali mudzi wina: nyongolotsi, chiswe, nyerere, bongololo ndi tizilombo tina tochepetsetsa. Chakudya cha onsewa chimachokera ku mbewu zomwezo.

Taonani chimanga chogwidwa ndi mbozi yachilendo ija yochokera ku America, imene inayamba kuoneka mu Africa m'chaka cha 2016. Ndowe zake zonga utuchi zimadzaza pamtima pa chimanga, ndipo mvula imazitsitsira pansi. Ndowezi zimaola msanga kuposa tsamba louma, motero a m'nthaka amapeza chakudya mosayembekezera. Komatu phwando limeneli n'lalifupi. Tsamba ndilo limapangira chakudya mbewu yonse. Likachepa, mizu siikula bwino, zinyalala zotsala pokolola zimachepanso, ndipo nyongolotsi zimene zimafewetsa dothi lanu zimasowa chodya.

Mbozi ikakhuta imatsikira m'dothi, kuya kwake ngati chala chimodzi, kuti isanduke gulugufe wouluka usiku. Kumeneko nyerere ndi zikumbu zimaidya. Munthu wophwasula zisa za nyerere m'munda akupirikitsa alonda osapempha malipiro.

Nanga chiswe? Phesi lobooledwa ndi kapuchi limafooka ndi kugwa, ndipo chiswe sichichedwa kulipeza. Mwini munda amatukwana chiswe, chikhalirecho mlandu unayambira kumwamba.

Inu alimi a fodya, dziwani kuti chikonga chimapangidwa m'mizu. Mbozi ikaluma tsamba, mizu imachulukitsa chikonga ndi kuchitumiza kumasamba kuti mdaniyo amve kuwawa. Mizu yotupa mfundomfundo chifukwa cha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso singaigwire bwino ntchitoyi, ndipo n'chifukwa china chimene simuyenera kubwereza fodya pamalo amodzi chaka ndi chaka. Nsabwe za pamasamba nazo zimatulutsa timadzi totsekemera tomata. Timeneti tikadontha pansi timaitana nyerere, ndipo pano nyerere zimasintha mtima: zimayamba kuweta nsabwezo ndi kuziteteza ngati ng'ombe zawo.

Choopsa chachikulu kwa a m'nthaka nthawi zambiri si mbozi ayi, koma mankhwala othiridwa mopanda muyeso. DDT, amene kale ankathira pa chimanga pofuna kupha kapuchi, amakhala m'dothi zaka zambiri ndi kulowa m'matupi a nyongolotsi, ndipo mbalame zozidya zimafa. Pangano la ku Stockholm la 2001 linamuletsa pa ulimi.

Chifukwa chake yenderani munda wanu kawiri pa sabata chimanga chikali chaching'ono. Phwanyani mazira ndi mbozi ndi manja. Ngati mankhwala afunika, ayambe waona Mlangizi, ndipo athiridwe pamtima pa chimanga pokha. Mukakolola musatenthe mapesi. Agonekeni pansi padzuwa kuti kapuchi wobisala m'katimo afe, ndipo chiswe chipeze zouma zoti chidye m'malo mwa mbewu zanu.